Nkhokwe ya Pansi ya a Zuze

Chaka chilichonse tikatha kukolola, alamu anga a Zuze ankayamba ndi kukwirira chimanga kutchire. Za nkhokwe zinkabwera pambuyo. Ankasankha chimanga chokhwima bwino, n'kutong'ola okha kuseri kwa nyumba, n'kuchisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Kale ankathira m'mitsuko n'kumata pakamwa ndi dothi. Zigubu za pulasitiki zitafika, mitsuko anaisiya. M'mamawa, anthu asanatsegule zitseko, ankasenza chigubu paphewa, kambwiri m'manja, n'kulowera kuphiri la Msolo. Mawa lake ankasenza china.

Ine ndinkawaona chifukwa dimba langa lili m'mbali mwa njira imeneyo, ndipo ndimalawirira kukapirikitsa apusi. Popita ankadutsa osandipatsa moni. Nanenso ndinkayang'ana kumbali. Pobwerera m'pamene ankaima pampanda.

"Mwadzuka, alamu?"

"Ndadzuka. Mwachokera kuti m'mawa muno?"

"Kuwongola miyendo."

"Ndi khasu?"

"Njoka zachuluka."

Zaka zoposa makumi atatu yankho linali lomwelo. Malo ake sankauza munthu, ngakhale mkazi wawo Dolika, amene ndi mlongo wanga, mwana wa mayi anga aang'ono. Ana a m'mudzi anawatcha Mfuko. Iwo dzinalo ankaliyankha.

Mudzi wathu uli pa msewu wochokera ku Chipata kupita ku Chadiza. Mozambique si kutali. Anthu a tsidya limenelo ndi Achewa anzathu, ndipo kale tinkayenderana pa maliro. Nkhondo itakula kwawoko, cha m'ma 1986, anayamba kufika m'magulu, mphasa pamutu, ana kumsana. A Zuze anafika okha. Anavala thumba la feteleza loboola pakhosi, phazi limodzi litatupa ngati dzungu.

Poyamba boma linawasonkhanitsa pabwalo la sukulu. Linawapatsa chimanga chachikasu, nyemba ndi mabulangete. Kenako zigawenga zinayamba kuwoloka malire kudzaba ng'ombe ndi kupha anthu kuno, ndipo boma linati othawa nkhondo onse achoke m'midzi yapafupi ndi malire, apite ku msasa wa Ukwimi, kuseri kwa Petauke. Kunabwera malole, apolisi ali kumbuyo. Ambiri anakwera. Tinamva kuti kumeneko anawapatsa minda, ndipo ena zinawayendera.

A Zuze atangoona lole yoyamba anathawira m'dimba langa n'kugona pakati pa nzimbe. Ndinawapeza dzuwa litapendeka. Ndinawauza kuti kumene akupita anzawo kuli chakudya, kuli chipatala, ndipo boma likufuna kuwateteza.

"Kwathunso anatero," anayankha.

Pambuyo pake ndinamva tanthauzo lake. Kwawo boma linawachotsa m'midzi ya makolo awo ndi malole, n'kuwaika m'mudzi umodzi waukulu wa nyumba za m'mizere, ati kuti liwateteze. Zigawenga zinautentha mudziwo chifukwa unali wa boma. Asilikali akabwera ankatenga chimanga kuti zigawenga zisadye. Zigawenga zikabwera zinkatenga chotsalacho. Anthu anasiya kumanga nkhokwe n'kuyamba kukumba pansi.

Sanakwere lole. Amfumu athu a nthawi imeneyo anachita ngati sakuona. A Zuze anayamba maganyu, ndipo mizere yawo inali yowongoka kuposa ya ife eni nthaka. Dolika anali wamasiye, ali ndi kamwana kamodzi, Shepherd. Patapita nthawi a Zuze anabwera kwa ine kudzafunsira, popeza mwini mbumba ndine. Analibe wowaperekeza, choncho anabwereka mkulu wina wa kutchalitchi kuti akhale nkhoswe yawo. Anamanga nyumba pafupi ndi yanga, nakhala mkamwini wathu. Dolika ankakonda kuwaseka pagulu.

"Anzanga akakangana ndi amuna awo amawauza kuti nyamukani, bwererani kwanu. Nanga ine awa ndingawathamangitsire kuti?"

"Kudimba kwa alamu," ankatero a Zuze, "pakati pa nzimbe."

Ana awoawo sanakhale nawo. Shepherd anamulera ngati wawo, ndipo sukulu anaiphunzira ndi mtedza umene a Zuze ankalima. Nkhondo itatha, malole anabweranso kudzatenga anthu kuwabwezera kwawo. A Zuze anapita kudimba. Reji, chitupa chimene aliyense wa m'dziko muno amayenda nacho, sanatenge. Kuofesi amafunsa mudzi wa bambo ako ndi mfumu yake, ndipo iwo ankaopa kuti akangotsegula pakamwa awakweza lole. Choncho feteleza wotsika mtengo sankalandira, kuvota sankavota, ku Chipata sanapondeko. Kwa boma la kuno anali munthu amene anabwerera kwawo. Kwa boma la kwawo anali munthu wakufa. Iwo ankangolima mtedza wawo.

Za kukwirira chimangazi Dolika zinamupweteka zaka zoyamba. Anabwera kwa ine kudzadandaula.

"Achimwene, mwamuna wobisira mkazi wake chakudya ndi mwamuna? Kapena ali ndi wina kuphiriko amene akumudyetsa?"

Ndinawafunsa a Zuze tsiku lina tikuluka nkhokwe yanga. Anapitiriza kupinda nsungwi osandiyang'ana.

"Ndinali ndi mkazi kwathu. Filipina. Iye ankadziwa, tinakumba tonse awiri pansi pa mtengo wa muula. Tsiku limene anabwera amfuti ine ndinali kutchire, kokumba mbewa. Anamufunsa, anakana. Koma munthu wodziwa amaoneka m'maso. Anamumenya mpaka anawalondolera. Atafukula, anamusenzetsa mitsukoyo kupita nayo kumsasa wawo. Sanabwerere."

Anatola nsungwi ina n'kupitiriza.

"Mkazi wa mkulu wanga sankadziwa kanthu. Anamumenya, anatopa, anamusiya. Ali moyo mwina mpaka lero."

"Kuno kulibe nkhondo, alamu."

"Ikamabwera siuza munthu."

Dolika ndinamuuza mwachidule. Sanadandaulenso. Ndipo njala ya 2002 itafika, a Zuze ankalawirira ndi kambwiri kawo n'kubwera ndi chigubu chodetsedwa ndi dothi paphewa. Nyumba yawo ndi yanga tinadya kamodzi patsiku mpaka mondokwa unapsa. Sitinaike munthu m'manda.

Chaka cha 2023 tinakolola bwino, ndipo ndinawaona akudutsa ndi zigubu masiku angapo otsatizana. Dzinja lotsatira mvula inayamba bwino, kenako inaduka mu Januwale chimanga chikumasula ngaiyaye. Tinadikira. Masamba anapotana, anayera, anayamba kuthetheka ndi mphepo. Chimene ndinakolola ine sichinadzaze ngolo imodzi. Anyamata a m'mudzi anayamba kuwotcha makala n'kumakagulitsa ku Chipata pa njinga, popeza panalibenso china chogulitsa.

A Zuze anagwa m'munda mwezi wa Epulo, akuzula timtedza tochepa timene tinapulumuka. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka. Tinapeza galimoto yoti iwatengere kuchipatala, koma atangomva injini anagwira mwendo wa bedi ndi dzanja lamoyolo, osausiya. Galimoto inabwerera yopanda munthu. Dolika anawasamala yekha, kuwasambitsa, kuwathowa ndi madzi otentha. Patapita miyezi anayamba kuyenda mokoka mwendo. Mawu ankatuluka amodziamodzi, osamveka bwino. Masiku ena a Zuze ankamuitana Dolika kuti Filipina, ndipo iye ankavomera.

Pa wailesi boma linalengeza kuti chilalachi ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo palibe adzafe ndi njala. Lole ya chimanga inafikadi pasukulu pomwe paja, apolisi awiri atakhala pamwamba pa matumba. Tsiku limenelo a Zuze anabisala m'bafa la udzu mpaka madzulo. Ogawa ankawerenga anthu ndi reji. Nyumba ya Dolika anaiwerenga kuti muli munthu mmodzi.

"Nanga uyu wagona m'nyumba mwanga zaka zonsezi ndi mzukwa?" anafunsa Dolika.

Wogawayo anali mtsikana wa msinkhu wa zidzukulu zathu. Anayang'ana pansi. "Amama, ine ndimangotsatira zimene andiuza. Akatenge reji ku boma, ulendo wina adzalandira."

"Munthu wokana kukwera galimoto akafika bwanji ku boma?"

Mtsikanayo anayamba kumuyezera chimanga, popeza kumbuyo kunali mzere wautali. Dolika analandira gawo la munthu mmodzi. Lole inachedwa kubweranso. Gawolo ankaligawa pawiri, mbali yaikulu kwa wodwala. Ife tinkathandiza, koma kwathunso mkazi wanga Mainess ankasesa pansi pa thumba. Pofika Okutobala tinkadya mango osapsa ophika ndi phala la gaga. Miyendo ya Dolika inayamba kutupa. Ukadina ndi chala, dzenje linkatsala.

Tonse tinkadziwa kuti kuphiri kuli chimanga chokwanira nyumba imeneyo mpaka kukolola. Dolika ankawafunsa mofatsa, akuwadyetsa.

"Bambo, zigubu zija. Nthawi yake ndi inoyi."

Iwo ankamuyang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu. Sitinkadziwa ngati aiwala kapena akukana.

Kenako kunabwera Shepherd. Amakhala ku Kapata, komboni ya ku Chipata, ndipo ndi mlonda pa sitolo ina m'tauni. Anangoweruka n'kukwera basi, ali chivalire yunifolomu ndi majombo. Anabwera ndi anzake awiri, atanyamula makasu ndi zitsulo zokumbira. Anakumba kuphiri mongolota, pano ndi apo, mpaka manja anatuluka matuza. Sanapeze kanthu. Atatsika, onse atatu anaima mozungulira a Zuze, amene anakhala pakhonde. Ine ndinali pansi pa mango ndipo ndinaona majombo aja ataima pafupi ndi mapazi awo. Ndinadzuka, koma miyendo yanga ndi ya munthu wokalamba.

"Atate, chimanga chili kuti?"

A Zuze anayang'ana majombowo.

"Mukuiona miyendo ya amama? Akufa, atate. Akufa chimanga chikuwola pansi. Nenani malo ake basi, tikumba ndife."

Mmodzi wa anzake anagogoda chitsulo pansi. "Madala, musativutitse. Tachokera kutali."

Shepherd anawagwira pamkono kuti awadzutse. A Zuze anatsetsereka pakhonde n'kugwada m'fumbi. Anakweza dzanja lamoyo lija pamutu. Mawu anatuluka omveka bwino, koyamba chigwereni.

"Bwana, mkaziyu sadziwa kanthu. Menyani ine. Iye msiyeni."

Mnzake uja anayamba kuseka, n'kusiya. Shepherd anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. Anapita kuseri kwa nyumba ndipo anakhalako nthawi yaitali. Dolika anakwawa n'kukhala m'fumbimo pafupi ndi mwamuna wake, akumupukuta malovu ndi nsonga ya chitenje.

Madzulo ake Shepherd anabwera kwa ine, maso ali ofiira, majombo atavula. Dolika anakhala pamphasa pafupi ndi Mainess.

"Amalume, Lamulungu ndibwera ndi galimoto. Amama ndikuwatenga. Ku Kapata kiliniki ili pafupi, ndipo nsima kamodzi patsiku sitilephera."

"Nanga atate ako?"

"Akwere nawo. Chipinda n'chimodzi koma malo ndiwapezera."

Tonse tinadziwa kuti sadzakwera.

"Ine sindipita," anatero Dolika. "Adzawasambitsa ndani?"

"Mukafa adzawasambitsa ndani?"

"Ukuyankhula ndi amako, iwe."

"N'chifukwa chake ndikuyankhula. Amalume, weruzani ndinu. Mbumba ndi yanu."

Mlandu unagwera ine. Ndinati chimanga chikapezeka galimotoyo isanafike, Dolika akhala ndi mwamuna wake. Chikapanda kupezeka, akwera galimoto, ndipo a Zuze tiwasunga ife. Dolika anandiyang'ana ngati ndamugulitsa, koma sanatsutse.

Ndinali ndi ganizo limodzi. Munthu amene wayenda njira imodzi zaka zonsezo, mwina miyendo ingamufikitse ngakhale mutu utasokonekera. Kufunsa kunkawatseka pakamwa. Ndinaganiza kuti tisawafunsenso, tingowapatsa chimanga choti akakwirire, ine n'kuwatsatira. Mwina akakumba pafupi ndi zakale.

Mainess sanakondwe. "Chakudya cha mawa mukachitaye kutchire?"

"Tikafukula."

"Nanga akakakomoka panjira?"

"Ndidzakhala ndili pambuyo pawo."

Mainess anakhuthula chimanga chimene chinatsala m'nyumba mwathu, Dolika anawonjezera chake. Chinadzaza kachigubu kakang'ono ka mafuta ophikira. Dolika anasakaniza ndi phulusa a Zuze akuona, n'kukaika pakhomo pamodzi ndi kambwiri, ngati mmene zinkakhalira tikakolola. Lachisanu a Zuze sanakakhudze. Loweruka anakanyamula, anakagwedeza pafupi ndi khutu, n'kukabwezera pomwepo.

Lamulungu ndinalawirira kudimba, ngakhale munalibe choti apusi angabe. Kutangoyera ndinamva mwendo ukukokeka m'njira. Anali iwo, kachigubu atakakolowetsa kukhwapa, kambwiri akukagwiritsa ngati ndodo. Anadutsa osandipatsa moni. Ndinayang'ana kumbali. Atapita patsogolo pang'ono ndinatuluka, n'kuyamba kuwatsatira, chinthu chimene sindinachitepo.

Ankayenda pang'onopang'ono koma mosakayika. Anawoloka kamtsinje kouma pamalo osatsetsereka. Pamphambano anatenga njira yakumanzere osaima. Anakwera kachitunda, akupumira pa kambwiri, n'kutulukira kuseri kwa phiri, mbali imene ine ndinali ndisanafikeko chaka chonse.

Kumeneko kunalibe mitengo. Misuku, mimbanga ndi miula yonse inali zitsa. Apo ndi apo panali milu yakuda pamene anyamata anawotchera makala. Dzuwa linkawomba pansi popanda chotchinga.

A Zuze anaima. Anatembenuza mutu uku ndi uku. Anapita pachitsa china, anachisisita pamwamba ndi chikhatho, anayang'ana kumwamba kumene kunayenera kukhala nthambi. Anapita pa china. Anawerenga mapazi kuchokera pamenepo, anaima, anabwerera, anayambanso kulowera kwina. Ine ndinabisala kuseri kwa chulu. Anazungulira chomwecho mpaka thukuta linanyowetsa malaya. Kachigubu kanagwa kawiri, ndipo kawiri konse anawerama n'kukatola.

Pomaliza anagwada pafupi ndi chitsa china n'kuyamba kukumba ndi dzanja lamanzere. Ndinamvetsera kulira kwa khasu. Nthaka imene inakumbidwapo imalira mofewa, ngakhale patapita chaka. Iyi inkalira ngati mwala. Panali pasanakumbidwepo chiyambire.

Anakumba kadzenje kosafika n'chigongono chomwe. Anaikamo kachigubu, koma pakamwa pake panatsala kunja. Anakankhira dothi ndi dzanja, n'kulipondaponda ndi chibakera. Kenako analankhula osatembenuka.

"Alamu."

Ndinatuluka kuseri kwa chulu.

"Mitengo yapita kuti?"

"Yapita ku Chipata, m'matumba."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za maliro akutali. Anayang'ana zitsazo chimodzichimodzi. Ndinadikira kuti mwina aloza penapake. Sanaloze.

"Simunaone kanthu," anatero.

"Sindinaone."

"Alongo anu musawauze. Akadziwa, awatenga."

"Sindiwauza."

Pomwepo kumudzi kunalira hutala, kawiri. Anadzipinda mapewa.

"Lole?"

"Ndi Shepherd."

Dolika anakwera galimotoyo masana a tsiku lomwelo. Sanandifunse kanthu. Anangondiyang'ana kumaso pamene ndinkalowa m'mudzi, n'kupita kukamanga katundu wake. A Zuze tinawasamutsira m'nyumba mwathu, ndipo anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Zigubu zazikulu zija sizinapezeke mpaka lero.

Koma m'mawa umenewo, hutala ikulira, iwo anali asanamalize ntchito. Anandikodola kuti ndiwadzutse. Anatola nthambi youma imene owotcha makala anasiya, anawaza timasamba pamwamba pa kachigubu, pakamwa pake pakuonekabe. Anandiuza ndi dzanja kuti nditsogole. Ndinayenda pang'ono n'kucheuka. Ankabwera chambuyo, atawerama, akusesa ndi nthambiyo mapazi awo ndi anga. Mwendo wakufa uja unkakokeka n'kusiya mzere wautali m'fumbi, ndipo iwo ankaima kuusesa, n'kukoka mwendo, n'kusesanso.